Crash dump izisunga zingati? Tisiye default kapena tisinthe?

Chikondi:
Moni nonse. Ndili ndi funso makamaka kwa inu amene mumasamalira maseva ndi makompyuta a anthu ambiri. Makina akagwa, kaya ndi blue screen pa Windows kaya kernel panic pa Linux, amalemba dump, zomwe zinali mu memori nthawi yomwe amagwayo. Koma mukaonetsetsa, default yake pafupifupi paliponse ndi yoti isunge mbali ya kernel yokha, phata lija la operating system lomwe limayendetsa makina onse, za mapulogalamu izisiye. Windows imabwera pa Automatic memory dump, zamkati mwake ndi za kernel basi. Ku Red Hat Linux kdump, yomwe imalemba dump kernel ikagwa, imabwera ndi makedumpfile -d 31 yomwe imataya ma page onse a user, ndiye kuti zigawo za memori za mapulogalamu. Nde funso langa ndi loti, pokonza image yomwe timaika pa makina onse, tizingosiya chomwecho kapena tizisintha kuti izisunga memori yonse? Chifukwa pali mavuto ena amabwera kamodzi patapita miyezi, mukatsegula dump n'kupeza kuti chomwe mumafunacho mulibe ndiye kuti mudikiranso miyezi ina.

Madalitso:
Achimwene sinthani basi, osazengereza. Ine maganizo anga ndi akuti dump ndi umboni ndipo umboni sumasankha usanadziwe mlandu wake. Amene anaika default ija sakudziwa vuto lomwe mudzakumane nalo inuyo, anangoyerekeza kuti nthawi zambiri wolakwa amakhala driver, ka pulogalamu ka mu kernel koyendetsa zipangizo, zomwe ndi zoona, koma nthawi zambiri si nthawi zonse. Disiki masiku ano si vuto. Ikani Complete memory dump, pa Linux ikani -d 1 kuti izingotaya ma page a ziro okha, zina zonse zikhale. Bola kukhala ndi zambiri n'kutaya wekha kusiyana ndi kusowa.

Limbani:
Pepani akuluakulu ine ndangoyamba kumene izi, kusiyana kwake kwenikweni n'kotani? Ine ndimangodziwa timafayilo tija ta mu foda ya Minidump, ndimaona ngati dump ndi yomweyo.

Yamikani:
Limbani mwana wanga wafunsa bwino, tiyambire pomwepo kuti tonse tiziyankhula chinthu chimodzi.

Pa Windows mitundu ilipo isanu. Tomwe ukunenato ndi Small memory dump, pa menyu amalemba 256 KB, timakhala mu C:\Windows\Minidump. Mkati mwake muli stop code ndi ma parameter ake anayi, mndandanda wa ma driver omwe anali atalowa, ndi stack ya thread yomwe inagwayo. Kwa vuto losavuta zimakwana, umatsegula mu WinDbg, pulogalamu ya Microsoft yowerengera ma dump, kulemba !analyze -v, imakuuza driver yomwe ikukayikiridwa. Koma ngati driver ina inaononga memori kalekale kenako n'kudzagwetsa ina yosalakwa, kafayilo kameneka kakunamiza, kaloza amene anagwayo osati amene anamukankha.

Kernel memory dump imasunga memori yonse ya kernel ndi ma driver, kusiya ya mapulogalamu ndi yomwe sikugwira ntchito. Imalembedwa ku C:\Windows\MEMORY.DMP, ndipo makina akadzuka Windows imapangabe ka minidump pambali. Automatic inabwera ndi Windows 8, zamkati ndi zofanana ndendende ndi Kernel, kusiyana kwake n'kwakuti Windows imadziyendetsera yokha kukula kwa page file, fayilo ya pa disiki yomwe dump imayamba kulembedwamo, imayamba ndi yaing'ono, ikagwa n'kupeza kuti sinakwane imaikulitsa kufika kukula kwa RAM n'kuisiya choncho masabata 4. Complete ndi RAM yonse. Active inabwera ndi Windows 10, imatenga kernel ndi mapulogalamu omwe, koma imasiya ma page omwe ikuona kuti sathandiza, makamaka memori ya ma virtual machine pa seva ya Hyper-V.

Zonsezi zimakhala mu registry pa HKLM\SYSTEM\CurrentControlSet\Control\CrashControl, CrashDumpEnabled. 0 palibe dump, 1 Complete, 2 Kernel, 3 Small, 7 Automatic. Active ndi 1 yomweyo koma ndi FilterPages itaikidwa pa 1.

Limbani:
Zikomo kwambiri akulu. Ndayang'ana pa yanga pali 7 ndithu.

Tiyanjane:
A Madalitso ine pamenepa sindikugwirizana nanu ngakhale pang'ono. Mukuti disiki si vuto, chabwino, koma nkhani si disiki. Ganizirani zomwe zili mu RAM ya kompyuta ya munthu masana ali pa ntchito. Browser ili ndi ma cookie a session ya imelo ndi ya ku banki, password manager mwina ndi yotsegula, process ya Windows ya lsass ili ndi zinthu zolowera pa netiweki ya kampani, kalata yomwe akulemba sanaisunge n'komwe ili momwemo, makiyi a VPN, ma token. Complete dump imatenga zonsezo n'kuziika mu fayilo imodzi yomwe imakhala pa disiki mpaka wina adzaikumbukire. Ndipo dump siikhala malo amodzi, ntchito yake ndi kuyenda. Imakopedwa pa shared folder, imaikidwa pa tikiti, imatumizidwa kwa kampani yomwe inapanga driver, munthu wa kumeneko amaikopera pa laputopu yake. Zili ngati wabwera munthu kudzakonza pampopi inu n'kumupatsa makiyi a zipinda zonse kuti apite nawo kwawo.

Yesani nokha muone. Lembani ka pulogalamu kakang'ono kofunsa pasiwedi, kagwetseni dala kuti kasiye dump yake yomwe imatchedwa core, kenako strings core | grep mawu omwe munalemba aja. Atuluka poyera, osabisika ngakhale chilembo chimodzi. Ine ndimaonetsa zimenezi aliyense watsopano mu timu yathu ndipo akaona amasiya okha kutumizirana ma dump pa chat.

Default ndi ya makina onse, ndi ya anthu omwe sadziwa n'komwe kuti fayilo yoteroyo ilipo. Default iyenera kukhala yomwe ikatayika siyipha munthu.

Madalitso:
Achemwali ndakumvani, koma mukulankhula ngati kernel dump ndi yoyera. Makiyi a BitLocker, otsekera disiki pa Windows, amakhala kuti? Mu memori ya kernel. A dm-crypt pa Linux amakhala kuti? Momwemo, ndipo -d 31 siwachotsa. Ma buffer a netiweki ali momwemo. Nde ngati fayilo ili kale yoopsa ndipo tikuyenera kuisamala ngati chinsinsi, bwanji osangoika zonse n'kuisamala kamodzi?

Tiyanjane:
Zoona kernel dump si yoyera, ndipo ndakondwa mwazinena chifukwa ambiri amaiona ngati log wamba. Koma kuopsa kumasiyana kukula. Kiyi ya disiki kuti imuthandize wakuba ayenera kukhalanso ndi disikiyo m'manja. Cookie ya session kapena token ya API amangoikopera n'kulowa pompo ali kutali. Komanso kutulutsa kiyi mu kernel dump kumafuna munthu wodziwa, pomwe pasiwedi mu heap, memori yomwe pulogalamu imasungamo zinthu zake, ndi strings basi.

Mukumbukire nkhani ya Microsoft ija. Mu Sepitembala 2023 analemba kuti kiyi yosainira yomwe gulu la akuba a pa intaneti la Storm-0558 linagwiritsa ntchito polowa mu maimelo a anthu mwina inatuluka kudzera mu crash dump ya mu Epulo 2021, yomwe inachotsedwa ku malo otetezedwa kupita kumalo ofufuzira mavuto.

Madalitso:
Koma mu Malichi 2024 anabweza mawu, anati dump yokhala ndi kiyiyo sanaipeze. Tisaiwale mbali imeneyo.

Tiyanjane:
Eya anakonza, ndipo munthu asamanene kuti zinatsimikizika, sizinatsimikizike. Koma taonani, kampani yomwe inalemba Windows yeniyeniyo itafunsidwa kuti kiyi yatuluka bwanji, njira yomwe inaiona kuti ndi yotheka kwambiri inali dump yoyenda kuchoka kumalo otetezedwa. Eni akewo amadziwa kuti njirayo ndi yotseguka. Ife ndi ndani kuti tizinena kuti tidzaisamala bwino pa makina mazana?

Thoko:
Ndilowerepo ndi za Linux chifukwa pali chinthu chikusakanizika. Tikukamba zinthu ziwiri zosiyana ndipo ma default ake amayang'ana mbali zosiyana.

Kernel ikagwa, ndi kdump. Mumasungira padera kachigawo ka RAM ndi crashkernel= pa boot, mmenemo mumakhala kernel yachiwiri ikudikira, yoyamba ikafa kexec imadumphira kwa yachiwiriyo, iyo imaona memori yakale ngati /proc/vmcore, makedumpfile n'kusefa n'kulemba ku /var/crash. Nambala ya -d ija ndi kuphatikiza: 1 ma page a ziro, 2 cache yomwe si private, 4 cache ya private, 8 data ya ma process a user, 16 ma page aulere. Zonse pamodzi 31. Nde pa kernel default ndi yoti taya zambiri.

Koma pulogalamu wamba ikagwa ndi segfault, ndi core dump, ndipo apa default imasunga zambiri kale. Lembani cat /proc/self/coredump_filter muona 00000033. Ma bit omwe ayatsidwa pamenepo ndi 0, 1, 4 ndi 5, kutanthauza anonymous private, anonymous shared, ma ELF header, ndi ma huge page a private. Anonymous private ndi heap ndi stack yonse, ndiye kuti chilichonse chomwe pulogalamu inachita malloc chili mu core. Zomwe zimasiyidwa ndi mafayilo omwe anachitidwa mmap, ndiye kuti olumikizidwa ku memori kuchokera pa disiki, bit 2 ndi 3, poganiza kuti mafayilowo alipo kale pa disiki palibe chifukwa chowalembanso, ndi shared huge pages pa bit 6.

Nde a Tiyanjane, pa core ya pulogalamu zomwe mukuopazo zikuchitika kale pa default. Ndipo a Madalitso, pa core ya pulogalamu zomwe mukufunazo muli nazo kale.

Chikondi:
Apa mwanditsegula maso a Thoko. Nanga bit 4 ija, ma ELF header, ntchito yake ndi chani poti ma library enieniwo sakusungidwa?

Thoko:
Imeneyo ndi yaing'ono koma ndi yomwe imapulumutsa. Page yoyamba ya library iliyonse imakhala ndi build-id, nambala yomwe imasiyanitsa build iyi ndi ina. Mukatenga core kuchoka pa seva kupita nayo pa makina anu, gdb, pulogalamu yotsegulira core, imafunika kudziwa kuti libc inali iti ndendende, apo ayi backtrace imangokhala mafunso okhaokha kapena, choipa kwambiri, imaoneka yabwino koma ndi yabodza. Ndi build-id, debuginfod imatha kukutengerani ma symbol oyenera. Osaizimitsa imeneyo olo mukufuna kuchepetsa kukula, siidya malo.

Pomwe 0x33 imakugwetsani mphwayi ndi pa mapulogalamu omwe amasunga zinthu zawo mu fayilo ya mmap, kapena database yomwe shared memory yake ili pa huge pages. Mumatsegula core, pointer ikuloza malo, gdb n'kukuuzani kuti singawerenge adiresi imeneyo. Apo ndi pomwe mumakweza filter, koma ya service yokhayo. Filter imatengera kwa kholo pa fork ndipo siisintha pa exec, nde mutha kuiika mu script yoyambitsa, kapena pa systemd yatsopanoko muli CoredumpFilter= mu unit file. Samalani, mukayatsa bit 6 pa database yokhala ndi shared memory yaikulu core iliyonse ikhala yaikulu chomwecho, ndipo ma process akagwa angapo motsatizana disiki yadzadza.

Limbani:
Ine pulogalamu yanga ikagwa imalemba kuti core dumped koma ndikayang'ana mu foda mulibe kanthu, imapita kuti?

Thoko:
Yang'ana cat /proc/sys/kernel/core_pattern. Ikangolemba core ndiye kuti imalembedwa mu foda yomwe pulogalamu imagwirira ntchito, bola ulimit -c isakhale 0, ndipo pa ma shell ambiri imakhala 0. Ikayamba ndi chizindikiro cha | ndiye kuti kernel ikupereka core kwa pulogalamu ina. Pa Fedora ndi Arch ndi systemd-coredump, imasunga ku /var/lib/systemd/coredump itapanikizidwa, lemba coredumpctl list uziona, coredumpctl debug ikutsegulira gdb. Pa Ubuntu ndi apport, malipoti ake amapita ku /var/crash.

China choti udziwe ngati ukugwiritsa ntchito Docker, core_pattern ndi imodzi ya makina onse, container ilibe yakeyake. Pulogalamu ikagwa mu container, ngati pali | uja core imapita kwa handler ya host. Anthu amafufuza mu container tsiku lonse chinthu chili panja.

Limbani:
Ndaipeza, coredumpctl yaonetsa zambirimbiri zomwe sindimadziwa kuti zilipo, mpaka za browser.

Tiyanjane:
Ndi zimenezo ndikunenazi Limbani. Za browser zimenezo mkati mwake muli zomwe unali kuchita nthawi imeneyo. Ngati sukuzifuna zifufute.

Ndionjezere pa zomwe anena a Thoko. Palinso fs.suid_dumpable, yomwe kernel payokha imaiika pa 0, kutanthauza kuti pulogalamu ya setuid, yomwe imayenda ndi mphamvu za mwini fayilo, nthawi zambiri root, ikagwa isalembe core chifukwa mu memori mwake mungakhale zinthu za root. Ma distro ena amaikweza pa 2 kuti handler izilandirabe. Mu Meyi 2025 a Qualys anaonetsa mabowo awiri, CVE-2025-5054 mu apport ndi CVE-2025-4598 mu systemd-coredump, pomwe munthu wamba pa makinawo amatha kugwetsa pulogalamu ya setuid ngati unix_chkpwd, kuchita changu kusinthanitsa process handler isanayang'ane, n'kuwerenga core yokhala ndi ma hash a mapasiwedi a mu /etc/shadow. Anakonza, koma njira yodzitetezera yomwe inaperekedwa podikira inali kubweza suid_dumpable pa 0. Apa mukuona kuti setingi yomwe inakwezedwa pofuna kuthandiza ofufuza mavuto ndi yomwe inatsegula khomo.

Madalitso:
Chabwino, za setuid ndavomera, zimenezo zikhale 0 pokhapokha pali chifukwa. Koma ndibwerere ku funso la a Chikondi chifukwa silinayankhidwe. Pali mtundu wa vuto lomwe kernel dump yokha singakuthandize. Makina aima, sakuyankha, mwawagwetsa dala kuti mupeze dump. Mukutsegula mukuona ma thread a kernel ambirimbiri akudikira, mwatsata mwapeza onse akudikira yankho kuchoka ku service ya user mode, mwina ya antivirus kapena ya backup yomwe filter driver yake imaifunsa kaye isanalole fayilo kutsegulidwa. Mukufuna kuona kuti service imeneyo yakakamira pati, mukulemba .process kuti mulowemo, stack ya user mode palibe, ma page ake sanasungidwe. Mwafika pakhomo penipeni pa yankho chitseko n'chokhoma. Chimodzimodzi CRITICAL_PROCESS_DIED, chomwe chafa ndi process ya user mode, kernel ikungolengeza maliro. Pamenepo munthu amene wakuuzani kuti default ndi yokwanira sakhalapo kuti akuthandizeni.

Yamikani:
Madalitso ukunena zoona ndipo aliyense amene wafufuzapo hang akudziwa kuwawa kwake. Koma tamvera mbali ina yomwe sinatchulidwe, nthawi. Dump imalembedwa makina ali chigonere, palibe chomwe chikugwira ntchito mpaka ithe. Tenga seva ya RAM 256 GB, tiyerekeze disiki ikulemba 500 MB pa sekondi, ndi mphindi zoposa 8 anthu akudikira, ndipo ikadzuka ikopenso kuchoka mu page file kupita ku MEMORY.DMP. Kernel dump ya seva yomweyo ndi kachigawo kochepa chabe. Komanso Complete imafuna page file yoposa RAM pang'ono pa disiki ya boot, kapena uike DedicatedDumpFile kwina, nde pa seva yomwe C: yake ndi yaing'ono uika 1 mu registry n'kumaganiza kuti watetezeka, tsiku logwa dump n'kuduka pakati kapena osalembedwa n'komwe. Chomwe umafuna chinali zambiri, wapeza zero.

Ndipo mwa ma dump omwe ndakhala ndikuwafuna pa ntchito, omwe anandisowa kwambiri sanasowe chifukwa cha mtundu. Anasowa chifukwa wina anazimitsa page file poti makina ali ndi RAM yambiri, kapena pulogalamu yoyeretsa disiki inafufuta, kapena makina anagwanso kachiwiri dump yatsopano n'kufafaniza yoyamba poti Overwrite imakhala yoyatsa. Palinso ichi chomwe ambiri sadziwa, kuyambira Windows 7 pa makompyuta wamba omwe sali pa domain, malo otsala pa disiki akachepera 25 GB Windows imafufuta yokha MEMORY.DMP, pokhapokha uike AlwaysKeepMemoryDump pa 1. Munthu amalumbira kuti blue screen anaiona ikuwerenga mpaka 100% koma fayilo kulibe.

Nde ine ndikanakonda mphamvu zomwe tikuthera pa Complete kapena Kernel tizithere kaye poonetsetsa kuti dump ikulembedwa n'komwe.

Chikondi:
Akulu apa mwakhudza pomwe pamandiwawa. Nde tingayese bwanji osadikira tsoka?

Yamikani:
Umagwetsa dala, pa makina oyesera kaye, kenako pa seva iliyonse yatsopano isanayambe kutumikira anthu. Pa Windows pali NotMyFault ya Sysinternals, ntchito yake ndi yomweyo. Palinso CrashOnCtrlScroll mu registry, ukaiyatsa umagwira Ctrl ya kumanja n'kudina Scroll Lock kawiri, makina amagwa ndi 0xE2, MANUALLY_INITIATED_CRASH, ndi yothandiza pa hang ija akunena Madalitso bola uiyatse vuto lisanabwere. Pa seva yopanda kiyibodi umatumiza NMI, chizindikiro cha hardware chomwe processor singachinyalanyaze, kuchokera pa management console kapena pa hypervisor. Pa Linux ndi echo c > /proc/sysrq-trigger. Ikadzuka usangoona kuti fayilo ilipo, itsegule, uone ngati ma symbol akulowa, uone ngati stack ikuwerengeka.

Thoko:
Pa Linux kuyesaku n'kofunika kwambiri chifukwa kdump imatha kuoneka kuti ili bwino, service ili active, koma memori ya crashkernel ndi yochepa, kernel yachiwiri ikudzuka n'kufa ndi out of memory isanalembe kanthu. Zimachitika kwambiri pa maseva okhala ndi makhadi ambiri a storage ndi netiweki, kapena pomwe /var/crash ili pa disiki ya encrypted ya LUKS poti kuitsegula kumafuna memori yambiri. Ndipo vmcore popanda vmlinux ya debuginfo yofanana ndendende ndi kernel yomwe inagwa, pulogalamu ya crash yowerengera vmcore siitsegula. Mwamwayi kdump imalembanso vmcore-dmesg.txt pambali, kafayilo kakang'ono ka mauthenga omaliza a kernel, nthawi zambiri ine ndimayamba ndi kameneko ndipo kangapo yankho limakhala momwemo. Kameneko mutha kutumiza kwa anthu mosaopa kwambiri, mutakawerenga kaye.

A Madalitso pa vuto lanu lija simukufunika kutsika mpaka -d 1. Chotsani 8 yekha pa 31, mupeza 23, ma page a user akhala, cache ndi ma page aulere zitayidwabe. Ma page aulere ndi oopsa mwa njira yawo, mumakhala zotsalira za ma process omwe anatha kalekale.

Madalitso:
23 ndi yabwino, ndatenga. Pa Windows ndiye Active, ikufanana ndi ganizo lomwelo. Koma ine ndikanaiika pa maseva onse omwe tikudziwa kuti ali ndi ma filter driver a makampani ena, osadikira kuti agwe kaye kamodzi. Chifukwa mukati tiyamba ndi default, ikagwa tikweza, ndiye kuti mwavomera kuti kugwa koyamba n'kotayika ndipo bizinesi ilipira kawiri.

Tiyanjane:
Pa maseva osankhidwa, olembedwa penapake kuti awa tawakweza chifukwa chakuti, ndi tsiku lodzawabweza, ine ndilibe vuto. Chomwe ndikukana ndi kuika mu image ya aliyense, makamaka malaputopu omwe amayenda. Ndipo pomwe mwakwezapo pakhale malamulo ake: foda yomwe ma admin okha ndi omwe angawerenge, disiki ikhale encrypted, dump ikatumizidwa kunja idutse njira yotetezedwa osati imelo, ikatha ntchito ifufutidwe, ndipo ngati dump ya memori yonse yatuluka pakhomo makiyi ndi mapasiwedi a ma service omwe anali pa seva imeneyo asinthidwe. Anthu amadana nalo lomalizali poti ndi ntchito, koma ndi mtengo weniweni wa Complete dump, ndipo amene akuipempha aziudziwa.

A FreeBSD anaganiza bwino pa ichi, dumpon ili ndi -k, mumaipatsa public key, dump imalembedwa ili encrypted kale, yotsegula ndi decryptcore ndi private key yomwe siikhala pa makinawo. Wakuba olo atenge disiki yonse palibe chomwe awerenge mu dump imeneyo.

Thoko:
Komanso ife olemba mapulogalamu tili ndi gawo lathu, tisamangoloza ma admin. Ngati pulogalamu yako imasunga kiyi kapena pasiwedi mu memori, iuze kernel kuti malo amenewo asalowe mu core. Pa Linux ndi madvise ndi MADV_DONTDUMP, ilipo kuyambira kernel 3.4. Ukafuna process yonse isadumpidwe ndi prctl PR_SET_DUMPABLE 0. FreeBSD ili ndi MADV_NOCORE, OpenBSD ili ndi MAP_CONCEAL, Windows ili ndi WerRegisterExcludedMemoryBlock ya malipoti a Windows Error Reporting. Ndipo ukamaliza ndi chinsinsi chifafanize ndi explicit_bzero kapena SecureZeroMemory, memset wamba compiler imatha kuichotsa poona kuti palibe amene awerengenso. MADV_DONTDUMP imathandizanso pa kukula, pulogalamu yokhala ndi cache yaikulu ikaichotsa mu core, core imatsika kukhala yonyamulika. Kungoti zimenezi zimagwira pa core ya process, pa vmcore kapena Complete dump ya makina onse sizikutetezani, kernel yomwe yafa siyang'ana zimenezo.

Limbani:
Nanga pa Windows pulogalamu wamba ikagwa, osati blue screen, dump yake imakhala kuti?

Yamikani:
Windows Error Reporting imagwira, koma kuti uzikhala ndi dump yako pa disiki nthawi zonse uyenera kupanga key ya LocalDumps pansi pa HKLM\SOFTWARE\Microsoft\Windows\Windows Error Reporting, siibwera yopangidwa kale. Ukaipanga osaikamo kanthu, imalemba ku %LOCALAPPDATA%\CrashDumps, imasunga 10, mtundu wake DumpType 1 womwe ndi mini. 2 ndi full, heap yonse. Ubwino wake utha kupanga key yaing'ono pansi pake ya dzina la exe imodzi, full n'kukhala ya pulogalamu yokhayo yomwe ikukuvutayo, ena onse osakhudzidwa. Mini ili ndi ma stack ndi mndandanda wa ma module, imakuuza pomwe yagwera, koma ngati vuto ndi heap yoonongeka udzafuna full.

Chikondi:
Zikomo nonse, ndapeza chochita. Mu image ya malaputopu ndi ma desktop ndisiya 7, page file ikhale system managed ndipo nditseka kuti anthu asamaizimitse, ndionjezera AlwaysKeepMemoryDump. Maseva a Linux akhala pa 31, suid_dumpable ndiyang'ana paliponse. Maseva a mafayilo ndi a Hyper-V omwe ali ndi ma driver a makampani ena ndiwaika pa Active ndi DedicatedDumpFile pa disiki ina monga akunenera a Madalitso, ndi malamulo a a Tiyanjane. Chomwe chatsala, a Thoko, kuyesa kdump kuja ndichite kamodzi poika seva basi, kapena pafunika kubwereza?

Thoko:
Bwerezani mukasintha kernel kupita ku version yaikulu ina, mukaonjezera RAM kapena khadi, komanso mukasintha komwe dump imapita, chifukwa initramfs ya kdump imamangidwa potengera zimenezo ndipo ikapanda kumangidwanso idzafunafuna disiki yomwe kulibe. Simukufunika kugwetsa seva iliyonse nthawi zonse, tengani imodzi pa mtundu uliwonse wa hardware. Ngati muli ndi cluster yokhala ndi fencing kapena watchdog muonenso nthawi yake, chifukwa anzake akaona kuti node yasiya kuyankha amaidula magetsi ili pakati polemba, vmcore n'kutsala ya theka. Pa Pacemaker pali fence_kdump yomwe imapangitsa kuti cluster izindikire kuti node ili mu kdump n'kusaidula, iikeni patsogolo pa fencing yeniyeniyo.